Phazi Losamva Moto: Zimene Madokotala Apeza pa Matenda a Shuga ndi Kuthamanga kwa Magazi

M'miyezi ya June ndi July, kukazizira ku Kabwazi ndi m'madera ena a kumapiri a Dedza, anthu amasonkhana madzulo kuotha moto. Munthu wabwinobwino phazi lake likayandikira makala, amalichotsa msanga chifukwa amamva kutentha. Koma alipo ena, makamaka achikulire, amene amadzuka m'mawa ndi thuza lalikulu kuphazi, osadziwa kuti anapsa nthawi yanji. Ambiri amafulumira kuganizira ufiti kapena tulo tofa nato, pamene kawirikawiri gwero lake ndi matenda a shuga amene akhala m'thupi zaka zambiri.

Shuga akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali, amawononga pang'onopang'ono mitsempha imene imatenga uthenga wa ululu kuchokera kumapazi kupita ku ubongo. Poyamba munthu amamva dzanzi, kapena ngati nyerere zikuyenda pakhungu. Kenaka phazi limasiyiratu kumva. Mlimi wotere akhoza kuponda chisonga kudimba nkupitiriza kulima tsiku lonse. Tsono popeza magazi nawonso sayenda bwino m'mapazimo, bala limachedwa kupola, limanyeka mpaka kufika pa fupa, ndipo ena amadulidwa mwendo chifukwa cha kabala kamene kakanapola kakanaonedwa msanga.

Zimenezi si nkhambakamwa. Madokotala a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre anayeza anthu 620 amene ankalandira chithandizo cha shuga, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2010. Pafupifupi theka la anthuwo mitsempha yawo inali itawonongeka kale. Mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa impso, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi matendawa anali atafika m'maso. Za m'masozi nzomvetsa chisoni kwambiri, pakuti timitsempha ta magazi ta kumbuyo kwa diso timayamba kudontha munthu akuonabe bwino, akuwerenga ndi kusoka monga mwa masiku onse. Pamene chifunga chiyamba kuoneka, nthawi zambiri diso limakhala litapweteka kale. Nchifukwa chake wodwala shuga ayenera kuyezetsa maso chaka ndi chaka, ngakhale asakudandaula kanthu.

Mnzake wa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Matendawa amabisala koposa. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, unachita kafukufuku wokhudza anthu oposa 5,000 a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno. Mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka kuti magazi ake akuthamanga mopitirira muyeso, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa. Kafukufuku wina wa pakati pa 2013 ndi 2016, amene anafikira anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga, anaonetsa kuti matendawa alinso pakati pa alimi ndi asodzi. Choncho mawu akuti iyi ndi nthenda ya mabwana onenepa a m'tauni ngonamiza anthu.

Kodi munthu amene sakumva kupweteka kulikonse amwerenji mankhwala? Yankho lake limaonekera m'zipinda za odwala matenda akufa ziwalo, amene ena amati sitiroko. Magazi akamathamanga ndi mphamvu zaka ndi zaka, mitsempha ya mu ubongo imauma, ndipo tsiku lina umodzi umaphulika kapena kutsekeka. Munthu amagwa mwadzidzidzi, kamwa itapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitalefuka. Pa kafukufuku wa odwala 222 otere ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2016, kuthamanga kwa magazi ndiko kunapezeka kuti kumatsogola pa zoyambitsa, ndipo kwa achinyamata HIV inali ndi gawo lalikulu. Wopulumuka amasowa womsambitsa ndi womdyetsa, ndipo banja limataya makasu awiri nthawi imodzi: la wodwalayo ndi la womsamalira.

Kuyeza magazi kumatenga mphindi zochepa, ndipo sikupweteka. Muyeso ukamafika pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, munthu ayenera chithandizo. Cholakwa chimene chafala nchakuti anthu amaleka kumwa mankhwala akangomva bwino. Mankhwala a BP ndi a shuga sachotsa nthendayo. Amangoigwira kuti isawononge thupi, ndipo akalekedwa imayambiranso mwakachetechete. Mchere wokwanira munthu wamkulu pa tsiku usapitirire magalamu 5, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo soda wa m'sitolo wophikira therere naye amawonjezera vuto lomwelo. Fodya ndi kachasu zimafulumizitsa ngozi zonsezi.

Wodwala shuga aziyang'ana mapazi ake madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati maso sakuona bwino, mwana kapena mdzukulu amuyang'anire. Asayende wopanda nsapato kumunda, ndipo asanavale aziyamba wazikutumula kuti mwina mwalowa kamwala. Madzi osamba aziyesa ndi chigongono, osati ndi phazi. Pa moto azikhala chapatali, atafunda bulangete kumiyendo. Bala lililonse la kuphazi, ngakhale laling'ono ndi losapweteka, apite nalo kuchipatala chapafupi osadikira kuti litupe, ndipo azachipatala akaona kuti nkofunika adzamtumiza ku chipatala cha boma cha Dedza.