CAPAKAMWA CA LIPENGA LALIKULU

Madzulo ano nkhani yathu iri ya kacitsulo kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koma kamene kalamulira lipenga lalikulu koposa onse m'bandi.

Mukaona bandi ya polisi kapena ya Salvation Army iri kupita mumseu, muonanso amuna osenza malipenga akulu-akulu, olira pansi ngati ng'ombe yamphongo. Lipengalo dzina lace ndi tuba, ngakhale oliza eni ace angoti besi. Linapangidwa ku Berlin m'caka ca 1835 ndi Wilhelm Wieprecht pamodzi ndi Johann Gottfried Moritz. M'mabandi a ku England, monga ya pa mgodi wa malasha wa Grimethorpe imene inayamba mu 1917, mumakhala malipenga otere anai, awiri a E flat ndi awiri a B flat. Kacitsulo kamene woliza aika pa milomo Azungu akacha mouthpiece. Ife pano tidzati capakamwa.

Mnyamata wina wa pa mgodi wandilembera kalata. Akuti anasunga ndalama miyezi iwiri nagula capakamwa cacikulu koposa zonse m'sitolo, poganiza kuti mau ace adzakulanso. Tsopano mpweya umthera nyimbo isanafike pakati, ndipo mau apamwamba amkana. Afunsa kuti: kodi wolakwa ndine kapena citsulo?

Tiyambe tadziwa ici: lipenga lokha siliimba ai. Coimba ndi milomo, imene injenjemera m'kati mwa capakamwa pamene mpweya upita, ndipo lipenga lingokuza mauwo. Cifukwa cace kusiyana kwa milimita imodzi yokha milomo ikumva msanga.

Coyamba ndico kukula. Kamwa la capakamwa ca tuba, poyesa m'kati, likhala pakati pa mamilimita 30 ndi 34, ndiko kuti pafupi-fupi inchi imodzi ndi kota. La trumpet lingofika 16 kapena 17. Vincent Bach, amene anayamba kupanga zapakamwa ku New York mu 1918, anazipatsa manambala, ndipo pano mpamene ambiri asocera: nambala ikakula, kamwa licepa. Bach 18 iri ndi mamilimita ngati 32, koma Bach 25 siifika 31. Kamwa lalikulu lipatsa milomo malo, motero mau apansi atuluka onenepa. Koma lidya mpweya wambiri, nilitopetsa milomo imene siinakhwime. Kamwa laling'ono lithandiza kukwera pamwamba, koma pansi mau aonda. Kaboo ka pansi pa cikho, kamene kali ngati mamilimita 8, nakonso kacita cimodzi-modzi: kakakula mau acuruka, koma cifuwa cigwira nchito yaikulu.

Caciwiri ndico mamvekedwe ace pa milomo. Apa tinena za mkombero, pamene milomo ikhala. Mkombero wotambalala ndi wobulungira uli ngati mtsamiro; woliza akhoza kuyenda nao ulendo wautali padzuwa osamva kuwawa, koma milomo siisuntha msanga pocoka pa liu lina kunka pa lina. Mkombero wopyapyala, wakuthwako m'mphepete, ucititsa liu liri lonse kuyamba bwino-bwino, koma munthu wokanikiza kwambiri umsiyira cizindikiro pa milomo. Zapakamwa zambiri nza mkuwa wokutidwa ndi siliva. Zokutidwa ndi golide ziterera pang'ono, ndipo za pulasitiki sizizizira m'mamawa wa mwezi wa June. Siliva akasupuka pa mkombero, musacigwiritsenso nchito, pakuti mkuwa wosakutidwa utupitsa milomo ya anthu ena.

Cacitatu ndico mau, ndipo mwini mau ndiye cikho ca m'kati. Pali mitundu iwiri. Wina uli ngati mbale yokumbika, wobulungira pansi. Mau ace ali owala, omveka pamene ayambira, oyenera bandi yoyenda panja. Wina uli ngati fanulo yothirira parafini, wotsetsereka kufikira ku kaboo. Mau ace ali akuda, ofewa, osakanizika bwino ndi malipenga ena m'nyumba. Mtundu wa fanulo uchuka ndi dzina la August Helleberg, mwamuna wa ku Denmark amene analiza tuba ku America m'bandi ya Sousa. Cikho cakuya cizamitsa mau, cosaya ciwakweza. Bach 24AW, imene oliza E flat ku England aidziwa kwambiri, iri ndi cikho cakuya ndi mkombero wotambalala.

Musaiwalenso mcira, ndiwo mbali yolowa m'lipenga. Malipenga ena akale a ku England ali ndi polowera papang'ono. Mcira ukagwedera, kapena ukangolowa nsonga yokha, lipenga lisemphana mau ndi anzace ngakhale woliza akhale katswiri.

Tsono kwa inu mwalemba kalata yankho ndi ili: simunalakwe kuomba, munalakwa kugula. Munthu wopita pansi pa mgodi sasankha jombo cifukwa ca kukula kwace. Asankha zomkwana, pakuti zazikulu zimgwetsa ndipo zazing'ono zimluma. Bwererani ku capakamwa capakati, ca mamilimita 31 kapena 32. Cacikuluco cisungeni, kapena cidzakukwanani milomo itakhwima, kapena mudzasinthana ndi mnzanu woliza B flat.

Musanagule cina, bwerekani kwa anzanu, mucitsuke ndi sopo, muyese pa lipenga lanu lomwe. Lizani liu lapansi, lapamwamba, ndi lina lalitali kufikira mpweya utatha. Mnzanu aime patali atafulatira, anene cimene camveka bwino, pakuti makutu a woliza ali pafupi kwambiri ndi lipenga, ndipo amnyenga. Mukasankha, khalani naco masabata awiri kapena atatu. Milomo siizolowera tsiku limodzi. Ndipo cikakanirira m'lipenga musacizule ndi pulayazi, mungapotole mpope. Pitani naco kwa mkulu wa bandi.

Nkhani yathu yathera pamenepa. Tsalani bwino nonse.