Cimwemwe ca msodzi wa ku Chanyanya n'ca zingati?

Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February caka ciliconse, boma limaletsa kugwira nsomba pa mtsinje wa Kafue kuti ziswane. Ku Chanyanya, m'boma la Kafue, miyezi itatu imeneyi mabwato amagona pamtunda ndipo azimai ooda nsomba zokagulitsa ku Lusaka amakhala manja lende. Kumeneko ndinapita ndi funso limene mungandiseke nalo mu minibasi: kodi boma lingacititse munthu kukhala wosangalala?

Funso ili ndi phunziro ndithu. Kumaiko akunja, mayunivesiti ena amasonkhanitsa ophunzira pa holide kuti alikambirane. Amawerenga za Aristotle wa ku Greece, amene anaphunzitsa kuti cimwemwe ndi kukhala moyo wabwino ndi kucita zoyenera zaka zako zonse, osati phwando la tsiku limodzi. Amawerenganso za Jeremy Bentham wa ku England, amene anati lamulo labwino ndi lija lokondweretsa anthu ambiri koposa. Kuno kwathu a Kaunda anabweretsa Humanism mu 1967, yoika munthu patsogolo pa cuma.

Manje cimwemwe amacipima. Lipoti la World Happiness Report, limene linayamba mu 2012, limadalira funso limodzi: moyo wanu utakhala makwerero oyambira pa 0 mpaka pa 10, inu mwaima pati? Finland yakhala pa nambala wani kuyambira mu 2018. Zambia, zaka zaposacedwapa, ili kufupi ndi kumapeto kwa mndandanda.

Ena adzati bodza, ife a Zambia timaseka ngakhale kondakitala atatipanikiza anai pa mpando wa atatu. Zoona. Koma kuseka ndi kukhutira ndi moyo ni vinthu viwiri.

Nanga ndalama? Mu 2010 boma linayamba kupatsa ndalama azimai a ana aang'ono ku Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti patapita zaka zitatu ndi zinai, azimai olandirawo ananena kuti ali osangalala kuposa anzao osalandira. Ndalamayo inali yocepa, koma inali yodziwika kuti ibwera.

Ndi zimenezo zimene ndinamva pa doko la Chanyanya. Palibe anandiuza za galimoto kapena nyumba ya ku Kabulonga. Nkhani inali ya unga wa mawa, ya yunifomu ndi mabuku a mwana pomwe sukulu zitsegula mu January, mwezi womwewo umene ukonde uli wopinda m'nyumba. Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 acotsa mtolo wa fizi, koma nsapato sizigwa kumwamba.

Ciletso ca nsomba n'cabwino, cifukwa popanda ico Kafue angaume nsomba ndipo ana a asodzi omwewo ndiwo angalire. Bentham angavomereze: ambiri apindula, kuphatikizapo inu ndi ine odya nsomba mu tauni. Koma mtengo wake aulipira ndani? Msodzi yekha, ndi mimba yake. Ena amalowa m'madzi usiku, podziwa kuti akagwidwa alandidwa ukonde.

Ndalama zothetsera mafunso otere zilipo. CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022. Cofunika ni kufunsa anthu cimene cimawalanda tulo tisanasankhe comanga.

Pa UNZA pali dipatimenti yophunzitsa filosofi. Ine ndikuti ophunzira ake, pamodzi ndi aja a zacuma, azikhala milungu iwiri ya holide ku malo ngati Chanyanya, kufunsa funso la makwerero lija khomo ndi khomo, kenaka mayankho awapereke kwa khansala ndi komiti ya CDF.

Inunso amene mukuwerenga muli pa mzere wa basi: lero mwaima pa nambala yanji, ndipo n'ciani cingakukwezeni sitepe imodzi? Yankho lake mukalinene pa msonkhano wa mu wadi yanu.