Bala la mwana likamakana kusiya magazi

Ndine namwino, ndipo mabala a ana ndatsuka ambiri. Kuno ku Mlangeni ndi midzi yozungulira, mpaka kukafika ku Lizulu, mwana amakulira pakati pa zinthu zakuthwa: mpeni wosendera mbatata ya kachewere, chikwakwa, lezala losongolera pensulo, waya wopangira galimoto, mabotolo osweka a m'mbali mwa msewu wa M1. Kuchekeka ndiye sikulephera. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zomwe ndimapeza pabalapo mwana akafika m'manja mwanga. Ndachotsapo dothi, phulusa, mchere, mankhwala otsukira mano, masamba otafuna, ngakhale mafuta a mabuleki. Ndiye mayi kapena agogo amene abwera naye amati, "Anesi, tayesa zonse koma magazi sakusiya."

Kawirikawiri chimene sichinayesedwe n'chimodzi: kukanikiza pabalapo ndi dzanja kwa nthawi yokwanira.

Thupi lili ndi njira yake yotsekera magazi. Kamtsempha kakaduka kamayamba kafinyika kokha. Kenako tizigawo ting'onoting'ono ta m'magazi, timene ife timati mapulatileti, timaunjikana pamenepo n'kumatirirana, ndipo pamwamba pake pamalukana timaulusi togwira magazi mpaka aundane. Zonsezi zimatenga mphindi zingapo, ndipo poyamba chotsekeracho chimakhala chanthete. Magazi akamayenda ndi mphamvu amachikokolola. Dzanja lanu ntchito yake n'kuchepetsa mphamvuyo kuti thupi limalize zomwe layamba. Palibe chimene mungathirepo chomwe chingapose dzanjalo.

Choncho mukhazikeni mwanayo pansi kapena mumugoneke, chifukwa ana ena amachita chizungulire akaona magazi awo. Tengani kansalu koyera, kaya mpango kapena chidutswa cha chitenje chochapa, mukapinde, muike pabala, mukanikize zolimba. Ngati pavulala ndi pamkono kapena pamwendo, kwezani chiwalocho m'mwamba. Ngati mwanayo si wanu, kapena inuyo muli ndi chilonda m'manja, valani kajumbo koyera kudzanja. Mukatero yang'anani nthawi pafoni, muwerenge mphindi 10.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagonjera. Mphindi 10 mwana akulira, anthu atakuzungulirani, aliyense akutchula mankhwala ake, zimatalika kwambiri. Kholo limagwira pang'ono, n'kutukula nsalu kuti lione ngati magazi asiya, n'kupukuta, n'kugwiranso. Kusuzumira kulikonse kumamatula magazi amene anayamba kuundana, ndipo thupi limayambiranso poyamba. Bala limene likanatseka msanga limatha theka la ola likudontha, banja lonse n'kuyamba kuganiza kuti pali china chake. Musasuzumire. Magazi akadutsa pansaluyo musaichotse, sanjikizani ina pamwamba pake ndipo dzanja lisafooke. Mphindi 10 zikakwana yang'anani mofatsa. Ngati akutulukabe, gwiraninso mphindi zina 10.

Mabala ena amachititsa mantha kuposa kukula kwake. Pamutu, pamphumi, pamlomo ndi kunsonga kwa chala pali timitsempha tambiri, moti kabala kochepa kamatha kunyowetsa malaya onse. Magazi akafalikira pansalu kapena kusakanizika ndi madzi m'beseni amaoneka ochuluka kuposa mmene alili. Komabe sindikuti tiwapeputse. Mwana wolemera makilogalamu 15 amakhala ndi magazi ongopitirira pang'ono lita imodzi, ngati mabotolo anayi a Fanta aja a mamililita 300. Kwa mwana amene malungo anamuchepetsa kale magazi, otayika pang'ono omwewo amawerengedwa.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho kwambiri, chomanga chala ndi mphira kapena ulusi kuti magazi asiye. Amasiyadi, koma chifukwa choti chala chonse chamanidwa magazi. Mwana akagona nacho chomwecho, m'mawa chimapezeka chitada, ndipo nthawi zina sichipulumuka. Kumanga mkono kapena mwendo mothina kuli ndi malo ake pangozi zazikulu, pamene munthu akutaya magazi mothamanga. Pa kabala ka mpeni wa kukhitchini n'kosafunika.

Magazi akasiya, m'pamene kutsuka kumabwera. Sambani m'manja ndi sopo, kenako thirani madzi ambiri pabalapo kuti mchenga ndi zinyalala zichoke. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira, kapena othira WaterGuard. Sopo atsuke khungu lozungulira. Sipiriti musathire mkati mwa bala, amapweteka ndipo amawononga mnofu umene ukufuna kupola. Bala likayambanso kutuluka pang'ono potsuka, kanikizaninso. Likauma phimbani ndi pulasitala kapena bandeji, ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku kapena ikangonyowa. Ululu ukavuta mupatseni Panado pa mlingo wa msinkhu wake. Asipirini ayi. Amachedwetsa magazi kuundana, komanso si mankhwala oyenera ana.

Nanga dothi ndi ndowe zalakwanji, poti makolo athu ankathira? Dera lathu lino n'la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo tizirombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Timatha zaka tili moyo, ndipo timakonda bala lakuya, lakuda, lopanda mpweya, monga la msomali kapena la chisonga. Patapita masiku nsagwada zimauma, msana n'kupindika, mwana n'kumalephera kumeza. Amene anaonapo wodwala kafumbata sathiranso dothi pabala. Katemera amene ana amabayidwa kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amateteza ku matendawa, koma mphamvu yake imachepa zaka zikamapita. N'chifukwa chake timafunsa kabuku ka kusikelo, tione ngati mwana akufunika jakisoni wina.

Si bala lililonse lothera pakhomo. Ngati mwagwira kawiri konse mphindi 10 koma magazi sakusiya, nyamukani mupite kuchipatala. Ngati akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, musadikire n'komwe. Bala loyasama, loti mukuona mafuta kapena mnofu wa mkati, limafuna kusoka, ndipo kusoka kumayenda bwino m'maola oyambirira, osati mawa lake. Galasi kapena chitsulo chikatsalira mkati musachizule, kanikizani m'mbali mwake. Chala chikachita dzanzi kapena kukanika kupinda, mwina mtsempha waduka. Mwana akaoneka wotuwa, wozizira, watulo, imeneyo ndi ngozi. Bala lolumidwa ndi galu lili ndi lamulo lake: litsukeni ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale likhale laling'ono. Ndipo bala lililonse limene patapita masiku latupa, likutentha, likutulutsa mafinya kapena labweretsa kutentha thupi, tilione.

Pali ana ochepa amene magazi awo amavuta kuundana chibadwire. Matenda odziwika kwambiri ndi himofiliya, amene amagwira makamaka anyamata ndipo amayenda m'banja kudzera kwa mayi. Mwana wotere amataya magazi nthawi yaitali dzino likachoka kapena akadulidwa, amatupa mawondo popanda kugwa kwenikweni, bala limasiya n'kudzayambanso usiku. Ndikamva zotere ndimafunsa za amalume ake a mwanayo, ngati wina wa iwo anali ndi vuto lomweli. Mabanja ena amathamangira kuganiza za ufiti, chonsecho ndi nkhani yoyeza magazi. Chipatala chaching'ono chimakutumizani ku chipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo kukafunika amakupititsani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mukadziwa kuti mwana wanu ndi wotere, nenani musanamuchotsetse dzino kapena kumupititsa kumdulidwe.

Ulendo wa kuchipatala ukakhalapo, kaya ndi pakabaza kapena paminibasi, munthu mmodzi akhale wogwira pabala njira yonse, wina anyamule kabuku.