Makontena osaoneka a ku Joni

Ana inu, amene muli ndi amalume kapena azakhali ku Joni, tawafunsani za City Deep. Awa ndi malo mumzinda wa Johannesburg pomwe pamasanjikizana makontena, mabokosi achitsulo aakulu ngati nyumba, obwera pa njanji kuchokera ku Durban. Kumeneko nyanja kulibe, komatu malowo amawatcha doko! Kontena ubwino wake ndi woti ukalongedza katundu n'kutseka, sitima yapamadzi, yapamtunda ngakhale thiraki zimangolandizana osatsegula. Nzeru imeneyi anaitchukitsa ndi Malcom McLean wa ku America mu 1956.

Tsono kuli makontena ena oti simungawagwire ndi dzanja. Amakhala m'makompyuta, m'zinyumba zozizira ngati za Teraco ku Isando, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo.

Pulogalamu ya pakompyuta ili ndi nthumanzi ngati mwana wachilendo. Kwawo imagwira ntchito bwinobwino, koma ukaipititsa pa kompyuta ina imakana, chifukwa tinthu tina tomwe idazolowera kulibe. Mu 2013 kunabwera Docker, chida chothandiza kulongedza pulogalamu pamodzi ndi zonse zomwe imadalira. Phukusi limeneli akatswiri amalitcha image.

Munaonapo anthu akuumba njerwa? Chikombole chimakhala chimodzi, koma njerwa zimatuluka zambirimbiri zofanana. Image ndiye chikombole, makontena ndiwo njerwa. Popanga chikombolechi, katswiri amalemba malangizo m'kafayilo kotchedwa Dockerfile: yamba ndi Linux yaing'ono, ikapo pulogalamu, onjezera makonzedwe ake. Akalamula kuti docker build, kompyuta imatsata malangizowo limodzi ndi limodzi, kusanjika china pamwamba pa chinzake. Mawu achinsinsi okha ndiwo saikamo, poti phukusi limayenda m'manja ambiri.

Nanga amalongedzamo chiyani? Ina mwa mapulogalamuwo ndi IBM MQ, yomwe idatuluka mu 1993 ndipo mabanki ambiri amaidalira. Ntchito yake ndi kupereka mauthenga pakati pa makompyuta. Kumbukirani kuchigayo magetsi akazima. Amayi sabwerera ndi chimanga, amasiya thumba pamzere. Magetsi akayaka, wachigayo amayamba ndi thumba loyamba, kenako lachiwiri, palibe lotayika. MQ imachita chimodzimodzi. Uthenga woti "ndalama izi zipite kwa uje" ukafika kompyuta yolandira ili yotanganidwa kapena itazima, umadikira pamzere mpaka itadzuka. Ndipo umaperekedwa kamodzi kokha. Ukanaperekedwa kawiri, ha, wina akanalandira ndalama kawiri, kubanki kukanagwa mlandu!

Tsiku lina mukadzaona pakompyuta chithunzi cha namgumi wabuluu atasenza timabokosi pamsana, musadzafunse kuti namgumiyu akupita kuti. Ameneyo ndiye Docker.