Profesa Muna Ndulo ndi Lamulo Lalikulu la Dziko

Pamene Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 1966, nzika za dziko lino zodziwa malamulo zinali zowerengeka. Mmodzi mwa anyamata oyamba kuphunzira malamulo kumeneko anali a Muna Ndulo, amene analandira digiri yao mu 1970. Caka cotsatira anatsiriza maphunziro ena ku Harvard, m'dziko la America, ndipo mu 1977 anapata digiri ya udokotala ku Oxford, ku Mangalande.

Kuno kwao anaphunzitsa pa yunivesite yomwe ija, kufikira anakhala mkulu wa cigawo ca malamulo. Buku lao lochedwa Mining Rights in Zambia linafotokoza za mphamvu zokumba miyala ya mtengo wapatali, nkhani yaikulu m'dziko lodalira mkuwa. Pambuyo pake anagwira nchito ku bungwe la United Nations, ndipo anali mlangizi wa nthumwi za bungwelo ku South Africa pokonzekera masankho a 1994. Mu 1996 anayamba kuphunzitsa pa Yunivesite ya Cornell ku America.

Angakhale anapita kutali, zolemba zao zambiri zikukhudza anthu a kumudzi. Ndime 23 ya Lamulo Lalikulu la Zambia imaletsa tsankho, koma ndime yomweyo imapatula nkhani za ukwati, cisudzulo, cuma ca masiye ndi malamulo a makolo. Ndiko kunena kuti pa zinthu zenizeni zimene zimaliza mai wamasiye, citetezo ca ndimeyi n'cocepa. A Ndulo analemba mu 2011 kuti miyambo siima malo amodzi, ndi kuti makhoti ayenera kuiongola kuti mkazi asaponderezedwe m'dzina la cikhalidwe. Mu August 2016 anthu anafunsidwa kuvomereza mutu watsopano wa ufulu wa anthu, koma oponya voti sanakwane, ndipo ndime ija inatsala momwemo.

Cina cimene a Ndulo akhala akudandaula naco ndi kuculuka kwa mphamvu m'manja mwa mtsogoleri wa dziko. Pa cifukwa cimeneci anatsutsa poyera Bilu 10, yofuna kusintha Lamulo Lalikulu. Biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu October 2020, itapeza mavoti 105 pamene pamafunika 111.