Amalume Atelala Abwereranso Pamakina

Amalume anga ndi telala, ndipo makina awo ndi aja opalasa ndi phazi. Ndiye tangoganizani munthu wotere chala chachikulu chakuphazi chitatupa, kufiira psuu, n'kumatentha ngati khala lamoto. Gauti inkawagwira usiku. Ngakhale bulangete likangokhudza chalacho ankabuula mpaka nyumba yonse kudzuka, ndipo kukacha makasitomala ankabwerera ndi nsalu zawo zayunifomu m'manja. Ankameza mapiritsi opha ululu ogula kufamase, pakatha sabata n'kumati achira. Posakhalitsa yagwira bondo. Kenako pachigongono panatuluka chotupa cholimba gwa.

Analeka mowa. Analeka chiwindi ndi nthumbwana zapachiwaya zimene ankazikonda koopsa. Matenda osaleka ayi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagwa ulesi.

Zinthu zinatembenuka tsiku limene namwino wina anawakhazika pansi mosafulumira. "Bambo, ululu ukatha sindiye kuti matenda atha," anawauza. Anafotokoza kuti uric acid ikachuluka m'magazi imaundana n'kukhala timibulu tosongoka m'malo olumikizirana mafupa, ndipo timibuluto timakhalabe momwemo ngakhale masiku amene munthu akuyenda bwinobwino. Kwa odwala ambiri vuto lili poti impso sizichotsa uric acid mokwanira, n'chifukwa chake kusala zakudya pakokha sikuthetsa nkhani. Chofunika n'chakuti mlingo wake m'magazi utsike pansi pa 6 mg/dL n'kukhazikika pomwepo, kuti timibulu tija tiyambe kusungunuka.

Dokotala anawayambitsa allopurinol wa 100 mg, n'kumawonjezera pang'onopang'ono malinga ndi zotsatira za magazi, komanso colchicine wa miyezi yoyambirira. Anapezanso china chimene palibe anachiganizirapo: mankhwala awo a BP, hydrochlorothiazide, amakweza uric acid. Anawasinthira kwa losartan.

Atangoyamba mankhwalawo chala chinatupanso. Pamenepa ambiri amataya botolo n'kumati mankhwala awonjezera matenda. Koma namwino uja anali atawachenjezeratu kuti zimatero timibulu tikayamba kugwedezeka, choncho anapirira osadumphitsa. Mayi akunyumba kwawo anaika botolo pafupi ndi chigubu cha shuga, kuti tiyi wam'mawa asamwedwe piritsi lisanamezedwe.

Mtima wanga umadumpha ndikaganiza kuti chimene chinathandiza amalume n'chomwenso akatswiri anapeza ku Nottingham, ku England. Kafukufuku wa odwala 517 amene anatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2018 anasonyeza kuti mwa odwala amene anamwino ankawafotokozera bwino za matendawa ndi kuwatsatira, 95 pa 100 alionse anafika pamlingo woyenera patatha zaka ziwiri, pomwe mwa olandira chithandizo chamasiku onse anali 30 okha. Mankhwala ankapezeka mbali zonse ziwiri, koma mbali imodzi kunali munthu wopatula nthawi yocheza ndi wodwala.

Ndiye bwerani mudzawaone lero! Phazi likupalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, makina akungoti tatatata, zitenje zaukwati zili mulu pabenchi. Chotupa chapachigongono chija chafota, chatsala kachinthu kosaoneka n'komwe. Nsapato zachikopa zimene anazipachika kalekale azipukuta, ndipo kutchalitchi akupita wapansi, kuwasiya m'mbuyo anyamata. Mimba yaphwa, poti m'malo mwa zakumwa zotsekemera zam'mabotolo amamwa madzi. Kanyama amadyako pang'ono, mosaopa.

Paukwati wa mwana wawo wamkazi, amene diresi lake anasoka okha, anavina pelekanipelekani mpaka thukuta kamukamu, amayi n'kumalulutira. Atandiona anandikoka mkono n'kufuula pakati pa phokoso lonselo: "Mwanawe, pita ukauze amayi ako kuti mlongo wawo sakukhala pansi lero, abwere tivine!"