Njinga Zinagonjetsa Ndege ku Dien Bien Phu

M'caka ca 1946 dziko la France linayamba nkhondo yofuna kutenganso Vietnam m'manja mwa eni ace. France anali ndi ndege, akasinja ndi asilikali ozolowela nkhondo. Gulu la Viet Minh, lotsogoleledwa ndi Ho Chi Minh, linali makamaka la alimi a mpunga. Mkulu wa nkhondo yao, Vo Nguyen Giap, poyamba anali mphunzitsi wa mbili yakale.

Kwa zaka zambili Giap anakana kukomana ndi mdani poyela. Anali kulalila pa njila, kumenya usiku, kenaka kuzimilila m'thengo. Atatopa nazo, General Henri Navarre anamanga linga m'cigwa ca Dien Bien Phu mu November 1953, poganiza kuti adani akabwela adzawapululila pomwepo. Cakudya ndi zipolopolo zinali kufika pa ndege cabe. Mapili ozungulila cigwaco sanawaope, pakuti anati palibe munthu angakwezeko mizinga.

Apa ndi pamene njinga inaonetsa nchito yace. Alimi zikwizikwi analimbitsa njinga zao ndi mitengo ndi nsungwi, nasenzetsa iliyonse katundu wofika makilogalamu 200. Inu amene mumapita ku cigayo mudziwa kulemela kwa thumba limodzi la makilogalamu 50. Tangoganizani matumba anai. Njingayo sanali kuikwela ai, anali kuikankha usiku wonse m'tinjila ta m'nkhalango. Mizinga, yambili yocokela ku China, anaikoka ndi zingwe mpaka pamwamba, naibisa m'maenje okumba m'mapili.

Pa 13 March 1954 mizinga ija inayamba kulila. Pasanathe milungu itatu ndege zinaleka kutela. Colonel Charles Piroth, amene anali atalonjeza kuti adzatontholetsa mfuti za adani, anadzipha yekha. A Viet Minh anakumba ngalande, nasendela pang'onopang'ono ngati mfuko, kufikila linga linagwa pa 7 May.

Koma tisanamizane kuti cipambano cotele n'cochipa. A Viet Minh amene anafa anaposa a France, ndipo mwa akaidi oposa 10,000 amene anagwidwa, ambili sanabwelele kwao. Pangano la ku Geneva la July 1954 linacotsa France, koma linadula Vietnam pawili, ndipo mfuti sizinaleke kulila kufikila 1975.